Kalata yotseguka: matayala akulozera madzi njira m'nkhalango za ku Kasungu

Kwa akuluakulu oyang'anira nkhalango, misewu ndi malo osungirako nyama m'boma la Kasungu; kwa a Gogo Chalo, magulupu ndi mafumu a midzi yozungulira nkhalango; kwa makhansala athu.

Mabwana ndi mafumu athu, tawomba m'manja. Tikukhulupirira kuti kalatayi yakupezani muli bwino, ndipo tikupempha kuti mutitchere khutu pang'ono. Olemba ndife anthu a sipanala ndi khasu: amakaniko, madalaivala a galimoto zoyenda m'tchire, a kabaza a njinga zamoto, ndi ena odziwa ntchito yolambula misewu ya dothi. Galimoto ndiye nsima yathu, choncho sitidza ndi pempho loti ziletsedwe. Chatilembetsa ndi momwe zikuyendera m'njira za m'nkhalango, ku Chimaliro, m'nkhalango za m'midzi ndi m'mbali mwa paki ya Kasungu, popanda wonena kuti apa dutsani, apa ayi, mwezi uno lowani, mwezi uno dikirani. Kalatayi taiika poyera dala kuti anzathu oyendetsa aiwerengenso, poti zina mwa zimene tinene zikuloza ife tomwe.

Zolowa m'njirazi mukuzidziwa: mapikiapu okoka ndi matayala onse anayi monga Land Cruiser ndi Hilux, mathirakitala okoka nkhuni zoumitsira fodya ndi mapolo a zigafa, malole, njinga zamoto zosenza matumba, ndiponso ena ongofuna kuyesa mphamvu ya galimoto yawo pamatope. Za odula mitengo ndi ootcha makala popanda chilolezo, lamulo la zankhalango la 1997, lomwe lidakhwimitsidwa mu 2020, lidanena kale. Ife tikunena za njira yeniyeniyo, imene ngakhale wachilolezo chake m'thumba akuiwononga.

Dandaulo loyamba, lalikulu mwa onse, ndi la madzi. Pikiapu yodzaza katundu imafika matani atatu. Kulemera konseko kumatsamira pa timalo tinayi pomwe matayala akhudza pansi, ndipo tayala likapopedwa mpweya wa 2.5 bar (muyeso wa pa geji ya mpweya) ngati la pa tala, kamalo kake kamangokwana zikhatho ziwiri. Pa katondo wouma palibe chochitika, fumbi basi. Katondo yemweyo akamwa mvula ya Januwale, tayala limamira n'kusiya kamzere kakuya ngati chala. Woyamba kukaona kamzereko ndi madzi. Mvula yotsatira, madzi amene akadayenda mobalalika m'masamba ndi m'udzu n'kulowa pansi amasonkhana m'kamzere kaja, n'kuthamanga kutsata tayala mpaka kumunsi kwa chitunda. Pothamangapo amanyamula dothi. Kamzere kamasanduka ngalande, ngalande n'kufika m'mawondo.

Zikatero difu, chitsulo chotumphuka chija chapakati pa matayala kunsi kwa galimoto, imayamba kugunda mtumbira wapakati, galimoto n'kukhala pamimba matayala akuzungulira m'malere. Dalaivala wobwera pambuyo safuna zimenezo, ndiye amalambalala, kupondereza udzu ndi mphukira za m'mbali. Wachitatu amalambalala pomwe adalambalala mnzake. Njira imene idali mamita atatu m'lifupi imakhala mizere isanu yoyandikana, ndipo woyamba uja watsala chigwembe choti ng'ombe ikagweramo muitulutse ndi zingwe. Dothi lochokamo silisowa kopita: likukwirira zitsime ndi madimba, lotsala likutsikira m'timitsinje tothira mu Dwangwa ndi mu Bua.

Apa tivomere kulakwa kwathu. Ambiri timalowa m'tchire ndi matayala awiri okha okoka, ati kupulumutsa dizilo, n'kudzaloka mahabu, kuti matayala akutsogolo nawo akoke, titatitimira kale. Pofika apo akumbuyo akumba maenje awiri oti mwana n'kukhalamo. Choyenera n'kuloka mahabu ndi kuika low range, magiya amphamvu oyenda pang'onopang'ono, usanafike pamatope, kukwera chitunda ndi giya yachiwiri osasintha pakati, ndiponso kuphwetsa matayala kufika 1.8 bar kuti aponde malo okulirapo. Tayala likayamba kuzungulira pamodzimodzi, chotsa phazi pamafuta, bwerera m'mbuyo pang'ono, yala miyala. Kuponda mafuta ambiri n'kudzikumbira wekha. Koma wophwetsa akhale ndi pampu, chifukwa tayala lofewa likathamanga pa M1 ndi katundu limatentha n'kuphulika.

Njinga yamoto ndi yopepuka, inde, koma mzere wake ndi umodzi wopapatiza, ndipo imakwera molunjika pomwe galimoto singayese n'komwe. Potsika ndi matumba atatu woyendetsa amakanikiza buleki yakumbuyo, tayala n'kumakhwekhwereza ngati pulawo. Mzere wolunjika wochokera pamwamba pa chitunda ndiwo umakumbika msanga kuposa wina uliwonse. Ngolo za ng'ombe nazo zimadula njira, sitikubisa, kungoti sizizungulitsa tayala pamodzimodzi.

Dandaulo lachiwiri ndi la madambo. Dambo limaoneka losalala, lopanda zitsa, ndiye aliyense amafuna kudulira pomwepo. Pansi pa udzuwo pali makande, dothi lakuda losunga madzi n'kumawatulutsa pang'onopang'ono m'chilimwe chonse. Mizere iwiri ya thirakitala yotsata kutsetsereka kwa dambo imagwira ntchito ya ngalande, madzi oti akadakhalitsa n'kuthawa. Wolira ndi mayi wa dimba la mpiru ndi tomato kumunsi, amene chitsime chake chaphwa nthawi isanakwane, ndipo sadziwa kuti chachiphwetsa chidadutsa m'Febuluwale.

M'dambo ndimonso zimatitimira kwambiri. Pitani mukaone pomwe lole yagonapo. Mukapeza timitengo ta msuku ndi mombo todulidwa kuti tiyalidwe pansi pa matayala, maenje a jeke osakwirira, ndi mtengo umodzi waukulu umene adamangapo waya pokoka. Wayayo amadula khungwa kuzungulira thunthu lonse. Ukakhala mlombwa mudzaona utomoni wake wofiira utayenderera ngati magazi n'kuumira pomwepo, ndipo pakapita nthawi nthambi zimauma, poti chakudya cha mtengo chimayenda m'khungwamo. Chikhalirecho lamba wansalu wotambalala masentimita 8, womangidwa m'munsi pafupi ndi mizu, amakoka galimoto osasiya bala. Matabwa awiri olimba ndi fosholo zikadapulumutsa timitengo tonse tija.

Dandaulo lachitatu ndi la moto. Tchire likapsa anthu amangoloza chala osaka mbewa, osadziwa kuti wina woyatsa amayenda ndi matayala. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba, udzu wa pakati pa njira umakhala wautali ndi wouma gwa. Galimoto ikamaudutsa umakulungika pa shafuti, umadzaza pamwamba pa chitsulo chotchinga kunsi kwa injini, wina umapanikizika pakati pa ekizosi ndi bodi. Ekizosi ya galimoto imene yakwera chitunda ndi katundu imatentha moti udzu woumawo umayamba kufuka. Dalaivala amamva kafungo ngati ka chimanga chootcha n'kumati kaya wina akutentha kutsogoloku, chonsecho timakala tikugwa kumbuyo kwake m'njira monse. Njere za udzu zimatsekanso radiyeta, injini n'kutentha, iye n'kuimika pa udzu womwewo kuti izizire. Injini zakale za dizilo zimalavula mwaye woyaka zikakoka molemera, ndipo njinga zimene anyamata achotsa zam'kati mwa sailensa kuti zizilira kwambiri zimatulutsa mbaliwali.

Moto wa Meyi kapena Juni, udzu ukadali ndi chinyezi, umangonyambita pansi. Wa Okutobala umapha mphukira, umapsereza ming'oma ya njuchi yopachika m'mitengo, ndipo umawononga masamba anthete amene matondo amadya. Uchi ndi matondo ndi ndalama za mabanja ambiri a m'malire a nkhalango kuno.

Dandaulo lachinayi tingolitchula. Pamawoloko pasanduka potsukira njinga ndi posinthira oyilo. Njinga imataya pafupifupi lita imodzi, Land Cruiser pafupifupi malita khumi, ndipo kumunsi pang'ono kuli potunga madzi akumwa.

Dandaulo lachisanu ndi la oyenda pansi, eni njira enieni, pakuti zambiri mwa njirazi zidayamba ngati mikwaso ya otola nkhuni, ozula bowa ndi ana a sukulu. Galimoto yothamanga makilomita 40 pa ola imadya mamita 11 pa sekondi iliyonse. Dalaivala asanaponde n'komwe buleki wadutsa kale mamita oposa 15, ndipo pamchenga matayala amatsetserekanso mamita ngati omwewo. Pokhota pomwe pali udzu wa tsekera, maso saona kupitirira mamita khumi. Mayi wosenza mtolo wautali wa nkhuni satembenuka msanga, ndipo kumbali koti athawire kuli chigwembe chija. Pa makilomita 20 pa ola, galimoto yomweyo imaima isanathe mamita 15.

Ku Chimaliro nkhaniyi ikuwawa kawiri. Kuyambira mu 1996 boma lidagwirizana ndi midzi yozungulira kuti azisamalira nkhalangoyo limodzi: anthu azilambula njira zotchinga moto ndi kulondera, n'kumaloledwa kutola nkhuni zouma, kumweta udzu, kuzula bowa ndi kutola masuku. Wosenza pamutu ali ndi malamulo ake, ndipo amawadziwa. Nanga wa matani atatu, malamulo a kayendedwe kake akhomedwa pati?

Lomaliza ndi la m'mbali mwa paki. Mu 2022 njovu 263 zidasamutsidwa kuchoka ku Liwonde kubwera ku Kasungu, ndipo midzi ya m'malire ikudziwa bwino kuti kukhala moyandikana ndi njovu n'kotani. Mpanda wamagetsi umafuna kuyenderedwa kawirikawiri, kuchotsa udzu ndi nthambi zogwera pamawaya, ndipo njovu zikatuluka alonda a nyama amafunika kufika msanga. Njira zofikira kumpanda zikaphwanyidwa m'dzinja ndi malole ndi mathirakitala a anthu ena, galimoto ya alonda ititimira pa ola lomwelo limene chimanga cha anthu chikudyedwa. Wa njinga naye akakumana ndi njovu ya mwana m'kanjira ka zigwembe mbali zonse, alibe potembenukira.

Walira mvula walira matope, tikudziwa, ndipo palibe njira ya dothi yosakumbika. Koma kukumbika kwambiri kumachitika m'miyezi yochepa, ndipo mankhwala ake ambiri ndi khasu, miyala ndi lamulo lomveka. Zopempha zathu nazi.

1. Muyende limodzi ndi makomiti a m'midzi oona zachilengedwe, mafumu ndi oimira oyendetsa, musankhe njira imodzi yolowera chigawo chilichonse cha nkhalango. Ikhale yotsata msana wa chitunda kapena yokwera mopendekera, yolambalala kumutu kwa dambo. Zizindikiro zikhale za penti pamiyala kapena pazikhomo, osakhoma misomali m'mitengo. Mizere ina yonse itsekedwe kukhomo ndi miyala ikuluikulu, igaulidwe ndi khasu kuti udzu ubwerere.

2. Malole ndi mathirakitala asamalowe kuyambira Disembala mpaka kumapeto kwa Epulo. Ofuna nkhuni ndi mapolo a fodya amadziwa nyengo yawo chaka chisanayambe, atute m'chilimwe. Mapikiapu ndi njinga azidikira masiku awiri mvula yamphamvu ikagwa. Muyeso wake sufuna makina: ponda ndi chidendene pakati pa njira, chikalowa n'kusiya dzenje lonyezimira madzi, tayala lisalowe. Ambulansi, alonda a nyama ndi a nkhalango, ozimitsa moto ndi galimoto ya maliro asakhudzidwe ndi lamuloli.

3. Njira yosankhidwayo ipatsidwe potulutsira madzi mvula isanagwe, m'Seputembala ndi Okutobala, ngakhale kudzera m'ntchito za mthandizi. Pa ichi tikhalitsepo, chifukwa ndi pomwe ntchito zambiri zimalakwika. Pamtsetse pakumbidwe ngalande zopingasa njira, zakuya masentimita 15 mpaka 20, dothi lake liunjikidwe kumunsi ngati mtumbira wotambalala n'kutsenderedwa kuti galimoto izikwera bwino. Ngalandeyo isadule njira molunjika. Ipendekere kumunsi pafupifupi madigiri 30 kuti madzi aziyenda okha, apo ayi imadzaza mchenga mvula yoyamba yomweyo. Pomwe njira ikutsika mita imodzi pa mamita 20 aliwonse, zitalikirane mamita 40. Mita imodzi pa mamita khumi, mamita 25. Mita imodzi pa mamita asanu, mamita 15, ngakhale kuti pamtsetse wotere ndi bwino njirayo ingosamutsidwa. Kuyeza kwake ndi chingwe ndi levulo yomwe ija alangizi amayezera akalozera m'minda. Pothera ngalande payalidwe miyala ndi kubzala vetiva, chifukwa mukangotayira madzi pa dothi lambee mwasamutsa chigwembe kuchoka m'njira kupita m'tchire. Pamalo osatsetsereka, pakati pa njira pakwezedwe pang'ono ngati msana wa nsomba. M'zigwembe zakale muikidwe timipanda ta zikhomo ndi nthambi kapena miyala, tosapitirira m'mawondo, pakati potsika kuposa m'mbali kuti madzi asaboole khoma, ndipo dothi likadzaza kumtunda kwake pabzalidwe vetiva, nsenjere kapena nsungwi. Komiti iziyendera ngalandezi mvula yaikulu ikangotha. Theka la ola ndi fosholo limapulumutsa ntchito ya sabata.

4. Mtsinje uliwonse ukhale ndi woloko limodzi, pomwe pansi pali polimba ndi magombe afupiafupi, loyalidwa miyala yaikulu ngati mutu wa munthu ndi ing'onoing'ono yodzaza m'mipata, kufikira mamita angapo kumtunda mbali zonse. Kutsuka galimoto ndi kusintha oyilo pamtsinje kuletsedwe, chikwangwani chikhale pomwepo.

5. Chilolezo cholowera ndi galimoto chizitchula njira, tsiku ndi kulemera kwa katundu, ndipo chisaperekedwe kwa amene alibe fosholo, matabwa awiri, lamba wansalu wokokera, pampu ndi geji ya mpweya, ndi chigubu chobwezera oyilo wakutha. Yodontha oyilo kapena dizilo ibwerere pachipata. Nkhwangwa ndi waya zisalowe m'malo mwa zida zimenezi.

6. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula, galimoto iliyonse izinyamula chigubu cha madzi cha malita 20 ndi chozimira moto, njinga izinyamula chiguduli ndi botolo la madzi. Njinga yoboola sailensa isalowe. Kukamwa kwa ekizosi ya thirakitala ndi lole kuikidwe kansefa kawaya kogwira mbaliwali, kotsukidwa mwaye kawirikawiri kuti injini isabanike. Dalaivala aziima ola lililonse pa dothi lopanda udzu, kusuzumira kunsi ndi kuzula udzu wokulungika ndi kawaya kopinda, osati ndi manja. Udzu wa pakati pa njira zovomerezeka umwetedwe mu Juni.

7. Liwiro lisapitirire makilomita 20 pa ola, woyenda pansi akhale woyamba kupatsidwa njira, ndipo dzuwa likalowa chipata chitsekedwe kwa onse kupatula aja tawatchula m'pempho lachiwiri. Ofuna kusewera pamatope apatsidwe malo awoawo, monga mkuti wakale wokumbamo dothi la msewu, kutali ndi mtsinje.

8. Gawo la ndalama za zilolezo lizitsala m'manja mwa komiti ya chigawocho kuti lizikonzera njira, ndipo kalowedwe ndi katulukidwe kake kazikhomedwa pachipata miyezi itatu iliyonse. Amene watitimira n'kukumba, akwirire maenje ake asanatenge chilolezo china. Chilango chikhale chimodzimodzi kwa wa njinga ndi wa lole, kaya galimotoyo ndi ya yani. A kabaza sadzamvera lamulo limene likugwira iwo okha.

Mafumu athu, zambiri mwa izi zingathe kuyamba ndi malamulo a m'mudzi, osadikira kalata yochokera ku Lilongwe, makamaka m'nkhalango zimene zili m'manja mwanu. Mabwana, tikupempha kuti muitanitse msonkhano wa mbali zonse mwezi wa Seputembala usanathe, ndipo uchitikire pa chigwembe chenicheni, osati m'holo, kuti aliyense aone ndi maso kuya kwake. Ngalande zokumbidwa mvula itagwa kale sizitsendereka, zimakokoloka sabata yomweyo.

Ife kumbali yathu tidzabwera ndi geji, pampu, chingwe choyezera ndi makasu. Tidzaonetsa madalaivala kaphwetsedwe ka matayala ndi kamangidwe ka lamba pamtengo, tidzayang'ana masailensa a njinga za kabaza kwaulere tsiku limenelo, ndipo tidzakumba nawo ngalande khumi zoyamba kuti makomiti aone kapendekeke kake. Mutiuze tsiku ndi malo kudzera kwa mafumu ndi m'masiteji a kabaza.

Ife anu mwaulemu,

Amakaniko, madalaivala, a kabaza ndi olambula misewu a m'boma la Kasungu